Mapanga Awiri

Pa mseu waukulu wocokera ku Lusaka kunka ku Chipata, munthu akayenda makilomita pafupi-fupi 500 amafika ku Katete, m'tsinde mwa mapiri a Mphangwe. Kufupi ndi komweko kuli Mkaika, mudzi wa Kalonga Gawa Undi, mfumu yaikulu ya Acewa. Mwezi wa August uli pafupi kutha, pamene mphepo iulutsa pfumbi ndi masamba ouma, anthu a ku Zambia, a ku Malawi ndi a ku Mozambique amasonkhana pamenepo kudzalambira mfumu pa mwambo wa Kulamba. Caka cina pakati pa khamu limenelo panali mphunzitsi wina wogwira nchito ku Lusaka, amene kwao kunali kufupi ndi Sinda. Anzace anadzera gule ndi anamwali, koma iye anadza ndi kanthu kena mumtima, ndiponso ndi buku lakale m'thumba la jekete.

Bukulo linali Chaka, lolembedwa ndi Thomas Mofolo wa ku Lesotho. Mofolo analilemba m'Cisutu, cinenero ca kwao, ndipo litagona zaka zambiri losasindikizidwa, amishoni a ku Morija analitulutsa m'caka ca 1925. M'caka ca 1931 F. H. Dutton analitembenuzira m'Cingerezi, ndipo pansi pa dzina lace panalembedwa mau osonyeza kuti iyi ndi nthano yolukidwa pa mbiri yakale. Mabuku a mtundu umenewu amatenga mafumu amene analikodi ndi nkhondo zimene zinamenyedwadi, nalowetsamo anthu opeka, cikondi cao ndi ziwembu zao, kuti wowerenga aone mbiri monga anaionera munthu amene anali momwemo. Azungu ali nao ambiri ciyambire masiku a Walter Scott wa ku Scotland, amene buku lace Waverley, la m'caka ca 1814, linena za mnyamata wogwidwa pakati pa nyumba ziwiri zolimbirana ufumu umodzi.

M'buku la Mofolo, Chaka ndi mwana wokanidwa ndi atate ace, wozunzidwa ndi anzace kubusa, amene akomana ndi sing'anga wochedwa Isanusi. Sing'angayo amlonjeza ufumu woposa wa mafumu onse, koma mankhwala ace afuna mwazi wa munthu amene Chaka amkonda koposa. Tsono Chaka apha Noliwa, mkazi wa pamtima pace, ndi dzanja lace lomwe. Pambuyo pace aphanso Nandi, amai ace, ndipo masiku ace otsiriza sagona tulo cifukwa ca maloto a anthu amene anawapha, kufikira abale ace amlasa. Mphunzitsiyo anayamba kuwerenga buku limeneli ali mnyamata, nalikonda cifukwa ca nkhondo zace. Koma pamene analitolanso atakula, nkhondozo anazidumpha, nangobwereza-bwereza masamba a maloto aja. Cifukwa cace cinali m'moyo wace.

Atate ace anali mkamwini, ndipo iye akali wamng'ono anapita ku migodi nachona komweko. Amene anamlera ndi atsibweni ace, mlongo wa amai ace, amenenso anali nyakwawa ya mudziwo. Pamene mwanayo anapambana mayeso napeza malo ku sekondale, panagulitsidwa ng'ombe ziwiri ndi matumba a nsawa kuti alipire sukulu ndi kugula zobvala. Nkhalambayo sinabise colinga cace. Inanena pabwalo, anthu onse alikumva, kuti uyu ndiye adzalowa dzina, pakuti masiku ano mudzi ufuna mfumu yodziwa kuwerenga makalata a Boma. Mnyamatayo anabvomera ndi mtima wonse, monga abvomera ana onse amene sanayesedwe.

Atatha maphunziro analembedwa nchito ku Lusaka, ndipo kumeneko anakomana ndi namwali wa Cingoni wa kufupi ndi Chipata, wogwira nchito m'cipatala. Anakondana, nakwatirana mwa mwambo wa kwao kwa mkazi, wa malowolo. Atsibweni sanadane naye mkaziyo. Cimene anaopa ndi cakuti mwamuna wokhala ndi nchito, mkazi ndi ana m'tauni sabwera kudzakhala pa mpando wa kumudzi, ndipo alongo ace adzasowa nkhoswe. Anamuitana katatu. Poyamba anamuitana nthawi yokolola, iye nati sukulu sizinatseke. Kaciwiri anamuitana atayamba kudwala, iye natumiza ndalama za mankhwala. Kacitatu nkhalambayo inalankhula yokha pa lamya, mau ali pansi-pansi, niti, "Mwana wa mlongo wanga, bwera ndikuone ndikali ndi maso." Koma sabata lomwelo mkazi wace anali wotopa ndi pakati pobvuta, ndipo madotolo anali atanena kuti moyo wace uli pangozi. Iye anayankha kuti, "Atsibweni, mai wa kunyumba akangocira ndinyamuka tsiku lomwelo."

Mkaziyo anacira, mwana nabadwa wamoyo. Mphunzitsiyo pofika kumudzi anapeza maliro ataikidwa, anthu atameta kale. Dzina linalowedwa ndi wina pambuyo pace. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anamdzudzula. Alongo ace anampatsa madzi osamba, namphera nkhuku, namyalira mphasa yatsopano. Ndipo kumeneko ndiko kunamlasa, pakuti zimenezo amacitira mlendo, samacitira mwini mbumba. Akulu anati mapanga awiri abvumbwitsa. Iye mwambiwo anaudziwa ciyambire ubwana, koma anali kuyesa kuti unena za anthu adyera okha-okha. Sanadziwe kuti munthu angabvumbwe pakati pa mapanga awiri amene onse ndi ace, ndipo m'mapanga onsewo muli anthu omuyembekeza.

Apa ndi pamene anayamba kuona kuti Chaka, ngakhale liri buku lalikulu, silinena za nthenda yace. Chaka anasankha pakati pa cikondi ndi ufumu, nasankha coipa alikudziwa kuti ndi coipa. Wowerenga amanthunthumira, komabe amatseka buku ali ndi mtima woyera, cifukwa adziwa kuti iye sangaphe mkazi wace cifukwa ca mpando. Anafuna-funa m'mabuku a kufupi ndi kwao. Dominic Mulaisho, m'buku lace The Tongue of the Dumb la m'caka ca 1971, analemba bwino za ciwembu ca m'mudzi wa ku cigwa: nduna Lubinda ifuna ufumu wa mfumu Mpona, ifunanso mkazi Natombi, ndipo pokanidwa imnenera ufiti. Koma Lubinda ndi woipa poyera, ndipo palibe wowerenga amene angadzione mwa iye. Samuel Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, amene buku lace Nthondo linalandira mphotho m'caka ca 1933 kucokera ku bungwe lomwe lija la ku London limene linatulutsa Chaka m'Cingerezi, anasonkhanitsa mbiri ya mafumu m'buku la Mbiri ya Acewa. Nchito imeneyo ndi yoyenera ulemu wonse. Koma mbiri imanena kuti uje anacoka apa nakakhala apo. Simanena cimene cinali m'cifuwa mwa munthu usiku umene anali kumanga katundu.

Cotero anafika ku Mkaika caka cimeneco alibe cace coti acite, koma kungotsagana ndi anzace. Anaona mafumu alikulowa m'bwalo mmodzi-mmodzi, a kufupi monga Kawaza ndi Mbang'ombe, Pembamoyo wa ku Vubwi, ndi ena ocokera kutsidya kwa malire, yense ndi anthu ace, mitulo yace ndi gule wace. Anamva khamu likupfuula kuti, "Yoo Gawa!" Anamvanso wolengeza alikufotokoza, monga amacitira caka ndi caka, kuti Kalonga ndiye wolonga mafumu, Gawa ndiye wogawa dziko, kuti mwambo umenewu unaletsedwa ndi Boma la Azungu m'caka ca 1934, nuukitsidwa m'caka ca 1984 ndi Gawa Undi X. Zonsezi anali atazimva kale. Cimene cinamgwira khutu ndi dzina lina limene linachulidwa mwaulemu waukulu, dzina la Nyangu, mai wa ufumu. Anafunsa nkhalamba imene anakhala nayo pafupi kuti, "Agogo, nanga Nyangu anafika bwanji kuno, popeza Kalonga woyamba anali ku Nyanja?" Nkhalambayo inamuyang'ana monga munthu wofunsa kumene kutulukira dzuwa, niti, "Anabwera naye Undi. Akadamsiya, bwenzi ife tiri pano lero?"

Nkhani yace ndi iyi. Zaka mazana angapo zapitazo likulu la Amaravi linali ku Manthimba, kufupi ndi Nyanja, kumunsi kwa mapiri a Dedza. Ufumu unali wa pfuko la Phiri, koma Aphiri sanali kulamula okha. Kalonga anali kubadwa mwa Nyangu, mkazi wa Aphiri, koma mkazi wace wamkulu, Mwali, anali kucokera kwa Abanda, eni nthaka ndi eni nsembe za mvula. Ndipo akulu a mafuko ena anali ndi mau pa kulonga mfumu yatsopano. Kalonga wina atamwalira, akuluwo anamlambalala Undi, mbale wa mfumu, nalonga wina. Zifukwa zace nkhalamba zimazifotokoza mosiyana-siyana, koma pa cinthu cimodzi zimabvomerezana: Undi sanacoke yekha. Anatenga Nyangu pamodzi ndi akazi a banja lacifumu, nalowera kumadzulo, nakamanga ku Mano, m'dziko limene lero liri m'cigawo ca Tete ku Mozambique. Sanamenye nkhondo, sanaphe munthu. Anangotenga bere limene limabala mafumu, ndipo otsala ku Manthimba anatsala ndi mpando wopanda mbeu. Ufumu wa Kalonga unanka nufooka kufikira Kalonga Sosola anaphedwa m'zaka za m'ma 1860, koma dzina la Undi liripo, ndipo lasenza dzina la Kalonga pamodzi ndi lace.

Usiku umenewo mphunzitsiyo sanagone, ngakhale ng'oma zinali zitaleka. Anaona kuti nthano za Azungu zimazungulira pa ukwati wa mfumu cifukwa kwao mwana wa mfumu ndiye alowa ufumu, ndipo wolemba wa Cicewa akatengera zimenezo osaganiza, adzalemba za akalonga a ku Ulaya obvala nyanda. Mwa Acewa ufumu umayenda ndi bere. Mwamuna ali yense amakhala ndi nyumba ziwiri: kumene anabadwa, kumene ali mwini mbumba ndi nkhoswe ya alongo ace, ndi kumene anakwatira, kumene ali mkamwini wobereka ana a eni ace. Mtima wogawika, umene olemba a maiko ena amaufuna-funa ndi nkhondo ndi akazitape, kuno munthu amabadwa nao. Ndipo pa tsiku limene Undi ananyamuka, akazi onse aja anali ndi amuna ao. Amunawo sanali Aphiri, pakuti munthu sakwatira pfuko lace. Ambiri anali Abanda, ana a alongo a akulu omwe aja amene anamkana Undi. Mbiri sichula ndi mmodzi yemwe wa iwo.

Pamenepo ndi pamene buku lace linabadwa. Mwini nkhani ndi mnyamata wa Abanda, wosula makasu, woleredwa ndi atsibweni ace amene ali nduna yaikulu ya ku Manthimba. Wakwatira mwana wa mlongo wa Nyangu, ndipo mkaziyo ali ndi pakati. Usiku wina mkazi amnong'oneza kuti mwezi ukafa akazi onse a Aphiri adzacoka ndi Undi, namlumbiritsa kuti asanene. Akaulula kwa atsibweni, Undi adzagwidwa, ndipo mkazi wace adzakhala wopereka abale ace, wosayenera kukhalanso pakati pao. Akakhala cete, wapereka munthu amene anamlera, amenenso mawa lace am'funsa poyera kuti, "Iwe ugona m'nyumba ya Aphiri, wamvako ciani?" Mnyamatayo ayankha kuti sanamve kanthu. Bodza lace ndi lalifupi comweco, ndipo buku lonse liyenda pa bodza limenelo. Anyamuka ndi Undi. Patapita caka, amalonda a makasu afika ku Mano ndi mau akuti akulu a ku Manthimba anaganizira nduna ija kuti inadziwa za ciwembu, popeza mwana wa mlongo wace anali m'gulu la othawa. Anaimwetsa mwabvi, ndipo inafa.

Kulemba kunamtengera zaka, ndipo kunamphunzitsa zinthu zimene sukulu sinamphunzitse. Coyamba cinali kuopa maina a anthu amene analikodi. Noliwa ndi Isanusi sapezeka m'mbiri ya Azulu, anawapeka Mofolo. Koma buku lace linachuka kotero kuti ambiri amene analiwerenga amakhulupirira kuti Shaka weni-weni, amene anaphedwa m'caka ca 1828, anaphadi mkazi wa dzina limenelo. Shaka anali ndi milandu yace yokwanira, ndipo mwina umodzi woonjezera sumlemera. Koma Undi ali ndi adzukulu amoyo, ali ndi mpando umene anthu amaugwadira, ndipo wolemba amene amsenzetsa chimo lopeka wanamizira wakufa amene sangadze pabwalo kudzadzikanira. Cotero m'bukulo Undi amaoneka patali, monga phiri limaonekera kwa munthu wa paulendo, ndipo amacita zokha-zokha zimene mbiri inena kuti anacita. Macimo onse opeka anawasenzetsa anthu opeka.

Kunalinso bvuto la zinthu zing'ono-zing'ono, limene olemba acinyamata amalipeputsa. M'masamba ace oyamba mkazi uja anali kusinja cimanga ndi kubvala citenje, ndipo anacita manyazi atazindikira kuti cimanga cinadza ndi Apwitikizi, ndi kuti nsima ya makolo inali ya mapira ndi mawere. Anayenera kuphunzira za ng'anjo ndi mvukuto, za nyanda ndi nsaru za thonje zoomba pamanja, za lamulo lakuti mnyanga wa njobvu umene wakhudza pansi ngwa mwini dziko, za zikopa za mkango ndi nyalugwe zimene munthu wamba sanali kuzisunga. Anawerenga za ulendo wa Gamitto, Mpwitikizi amene anapyola dziko la Amaravi m'caka ca 1831 popita kwa Kazembe nalemba zimene anaona, ngakhale kuti anaona ndi maso a mlendo wofulumira kunyoza. Anawerenganso za Makewana wa ku Msinja, mkazi wosunga nsembe za mvula, amene mwambo sunamlole kukwatiwa monga akazi ena; ndipo anaona kuti pamenepo pagona buku lina lathunthu, loyembekeza mwini wace.

Koma cacikulu cimene anaphunzira cinali ca cikumbumtima. M'mabuku a Azungu munthu wolakwa amabvutika yekha m'cipinda mwace, kapena amakaulula kwa wansembe. Makolo a Acewa sanali kuciona comweco. Kwa iwo colakwa ca munthu sicikhala mwa iye yekha; cimatuluka nicikagwera wosalakwa. Ndico cifukwa cace anali kuopa mdulo, nthenda imene amati imagwira khanda kapena mkazi wapakati cifukwa ca kusadziletsa kwa mwamuna. Ndico cifukwa cace mwana akadwala-dwala anali kukaombeza ula kuti adziwe mzimu umene wakwiya. Wophunzira angaseke zimenezi monga za sayansi yolakwa, ndipo pa za mankhwala cipatala ndico ciyenera kumveredwa. Koma monga cithunzi ca mtima wa munthu nzoona ndithu, pakuti wolakwa saopa kwambiri cilango ca pa thupi lace. Amaopa kuti cidzagwera mwana wace. Tsono m'bukulo mwana wobadwira pa ulendo uja ayamba kudwala mau a imfa ya nduna atangofika, ndipo wosula makasu akhala pakhomo usiku wonse alikumvetsera cifuwa ca mwanayo, osatha kuuza mkazi wace cimene aganiza, pakuti kumuuza ndiko kumnenera kuti iyenso ali ndi mbali pa mlanduwo. Cikondi cao sicitha ai, koma ciyamba kuyenda mopotokola, monga madzi opeza mwala m'mtsinje. Mphunzitsiyo sanafunse munthu za masamba amenewa. Mwana wace yemwe, uja anabadwa sabata la maliro, anali wacifuwa-cifuwa pa ukhanda wace.

Nthawi zina anali kudabwa kuti anyamata a luso amathamangira kulemba za mbala za m'tauni ndi maina otola m'mafilimu, pamene dziko la pakati pa Luangwa ndi Nyanja ladzala ndi nkhani zotere zosakhudzidwa. Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi m'caka ca 1835, ndipo pofika masiku a Mpezeni panali ana a Acewa ogwidwa ali ang'ono, okula ali ankhondo a Cingoni, otumidwa kukathira nkhondo midzi ya amai ao. M'caka ca 1891 Angerezi ndi Apwitikizi anadula malire pakati pa anthu a Undi, kotero kuti mfumu inatsala mbali imodzi, anthu ambiri mbali ina, kufikira Undi anasamukira ku Northern Rhodesia m'zaka za m'ma 1930. M'masiku a Citaganya, kuyambira 1953 kufikira 1963, mafumu anali kulandira malipiro kwa Boma limene anthu ao anali kulikana, ndipo Inkosi Gomani II wa ku Ntcheu anacotsedwa pa mpando m'caka ca 1953 cifukwa cosankha anthu ace. Pa ciri conse ca izi panali amesenjala, akalaliki ndi akazi ao, amene anagona usiku osadziwa kuti mawa adzaima mbali iti.

Atatsiriza gawo limene nduna imwa mwabvi, anakwera basi napita kumudzi, kumene anali asanagoneko kawiri ciyambire maliro aja. Amai ace anali atakalamba, maso atacita nkhungu. Madzulo, atadya, anawapempha kuti awawerengere zimene analemba. Sanawauze kuti nduna ya m'bukulo ndi yani. Anawerenga za kufatsa kwace, za nzeru zace pabwalo, za m'mene inadzimana kuti ilere mwana wa mlongo wace, ndi za m'mene inalandirira cikho ca mwabvi osachula dzina la mnyamata amene anainamiza. Pofika pamenepo mau anamthera, naleka.

Amaiwo anakhala cete nthawi yaitali, alikutokosa moto. Potsiriza anati, "Awa ndi atsibweni ako."

"Inde, amai."

"Wawalemba bwino, koma si iwo ai. Atsibweni ako anali aukali. Waiwala m'mene anakukwapulira cifukwa ca mbuzi ija? Ndipo ng'ombe zimene unena kuti anadzimana sizinali zao. Imodzi inali yanga, yosiyidwa ndi amai athu. Inayo inali ya mlongo wako wamkulu, ndiye cifukwa cace iye analekera sukulu pa giredi 7. Iwo anagulitsa osatifunsa, nakanena pabwalo monga zao. Ife sitinakane, pakuti tinafuna kuti uphunzire. Koma iwe zaka zonsezi ulikulira munthu wa kumanda, amene anapita atakhuta ulemu wace, ndipo mlongo wakoyo ali apa, nyumba yace idontha."

Iye anafuna kuyankha, koma sanapeze mau. Anafunsa cabe kuti, "Nanga iwo anandichula pomwalira?"

"Anakuchula. Anati mwana uja ngouma mutu ngati ine. Atatero anapempha phala."

M'mawa mwace anayenda kuzungulira nyumba ya mlongo wace, nayesa denga ndi mapazi kuti adziwe malata ofunika, nalemba ciwerengero cace kuseri kwa tsamba lotsiriza la gawo lija. Pa basi yobwerera ku Lusaka anatulutsa masambawo nayamba kufafaniza. Nduna ya ku Manthimba inayenera kupsa mtima, kukonda kutamandidwa, ndi kutenga za alongo ace osafunsa. Ndipo wosula makasu anayenera kukhala ndi mlongo, amene m'masamba onse aja sanachulidwe ndi kamodzi komwe, wotsala ku Manthimba m'mawa umene anthu anadzuka napeza nyumba za Aphiri ziri pululu. Basi isanafike pa Nyimba anali atayamba gawo latsopano, ndipo linayamba ndi mkaziyo alikupita kumadzi.